Netiweki ya pa Phiri la Chingoli

Kwa Nsaladzi, Tsangano, Ntcheu
6 Malichi 2011

Mng'ono wanga Atikonda,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi abambo kumeneko. Kuno tilipo, ine, alamu ako a Ackson ndi ana onse atatu, kungoti mvula yachuluka ndipo kachewere wayamba kupsa masamba. Kalatayi ndapatsira a Halidi, aja amanyamula katundu wa anthu pakati pa Joni ndi kuno. Foni sindingakuimbire, mudzi wathu uli m'chigwa, mawu a foni amangotidutsa pamutu.

A Halidi atanditulira mabulangete unatumiza aja, ndinawafunsa za abambo. Iwo anayamba kuyang'ana matayala a galimoto yawo. Nditawapanikiza anaulula kuti abambo sakutha kuyenda kuchoka pakhomo kukafika pageti osapumira panjira, ati chifuwa chikulira ngati chitseko cha dzimbiri. Iwe m'makalata ako umangoti ali bwino, ali bwino. Bwino wake ndi ameneyu?

Tamvera. Abambo anachoka kuno chaka chimene tinaika amayi, 1992. Iwe anakutenga uli ndi zaka zisanu ndi chimodzi, ine anandisiyira azakhali ndili ndi khumi ndi zitatu, amvekere ndidzakutenga pa Khirisimasi. Makhirisimasi akwana khumi ndi asanu ndi anayi. Sindikudandaula, ndinakula, ndinakwatiwa, mano onse alipo. Koma bambo anga ndikufuna ndiwaone ali moyo, aone adzukulu awo, ndimve mawu awo. Sindikufuna kudzalandira bokosi m'ngolo ya a Halidi.

Mvula ikangosiya ubwere nawo. Ine kubwera kumeneko sindingathe, pasipoti ndilibe ndipo wamng'onoyu akadayamwa.

Ndine mkulu wako,
Jestina


Mooinooi, Rustenburg
27 Malichi 2011

Achemwali,

Zikomo chifukwa cha kalata yanu. Mupereke moni kwa alamu ndi ana. Mundikhululukire Chichewa changa, n'cha m'nyumba ndi cha m'Baibulo basi, kunjaku timalankhula zosakaniza.

A Halidi sananame. Abambo ali ndi matenda a fumbi la mumgodi, kuno amati thayisisi. Sindinafune kukudetsani nkhawa. Adokotala akuti okha sangayende ulendo wa masiku anayi, ndipo akafika pafunika munthu wodziwa mankhwala awo akhale nawo miyezi ingapo. Munthu wake ndine, palibenso wina.

Vuto ndi ntchito yanga. Ine ndimajambula mapu a pansi pa mgodi pa laputopu. Anthu oyeza amalowa pansi, amanditumizira manambala m'mawa, ine ndimajambula n'kubweza folo koloko isanakwane. Abwana anga ndi mayi wina wa ku Safari Gardens, munthu wabwino ndithu, anandilola kumagwirira kunyumba chifukwa cha abambo. Ndawafunsa za ulendowu. Akuti pita ngakhale kumwezi, bola mapu azifika tsiku ndi tsiku. Ndiye mukuona, achemwali, chofunika ndi intaneti. Ikapezeka kwanuko, mawa lomwe tinyamuka.

Ndakutumizirani foni yabwino. Muikemo kakhadi kanu, muziyenda nayo mukuyang'ana pamwamba pake. Timizere tija tikadzaza, ndiye kuti mawu angadutse, koma sizokwanira. Pambali pa timizereto paoneke kachilembo, E kapena H. Malo amene kachilemboko kakhazikike osathawathawa, mundiuze. Asakhale kutali kwambiri ndi nyumba, neh, chifukwa ndizidzapitako tsiku lililonse nditanyamula laputopu.

Abambo akupereka moni. Atamva kuti mwalemba anavala jekete n'kukhala pakhonde tsiku lonse ngati pali kumene akupita.

Mng'ono wanu,
Atikonda


Kwa Nsaladzi
8 Meyi 2011

Atikonda,

Moni kumeneko. Abambo adzuka bwanji? Uwauze akonze sutikesi, chifukwa chinthu chako chija ndachipeza!

Koma wandizunza mwana iwe. Milungu itatu ndakhala ndikuyenda m'mudzi muno dzanja lili m'mwamba ngati wolumbira kukhoti. Ndinakwera chulu cha kuseri kwa sukulu, palibe. Alamu ako anakwera padenga la tchalitchi mpaka akulu a mpingo kuwakalipira, anangopeza kamzere kamodzi, nakonso kanathawa atayetsemula. Ndinafika mpaka m'mphepete mwa manda, anthu ayamba kunong'onezana.

Lachinayi lapitali ndinaberekera mwana kumsana n'kukwera Chingoli, phiri lija limatitchinga dzuwa madzulo. Sukulikumbukira, unali mwana. Kukwera kwake ndi maola awiri ukadzera njira yakale ya kumtsinje. Pamwamba pali mwala waukulu wosalala. Nditangopondapo, foni inanjenjemera m'dzanja, ndinatsala pang'ono kuitaya kuphompho. Timizere tonse mbwee, kachilembo kako H kali phee, osasuntha. Ndinakhala pamenepo mpaka dzuwa kupendeka, kakadali pompo. Ndinavina ndekha pamwala, anyani akundiyang'ana.

Kanthu kamodzi kokha. Panabwera uthenga wa chilankhulo chachilendo. Mayi wina wokwatiwa kutsidya kwa msewu wa m'malire wandiwerengera, akuti n'Chipwitikizi, akundilandira ku Mozambique. Ine ku Mozambique ndapita liti? Akuti pamwalapo foni ikukoka netiweki ya ku Ulongwe wa ku Mozambique, poti malire ndi pomwepa. Koma akuti si vuto, kakhadi ka kumeneko amagulitsa pamsika, ukaika m'foni zimayenda bwinobwino, ambiri amatero.

Ndili pamwalapo ndinakuflasha, unandiimbira, zikomo. Mawu ako afanana ndi a malemu amayi, ndinalira utadula. Koma zinandiwawa kuti abambo anali atagona. Zoona kugona masanasana? Ulendo wina udzawadzutse.

Ndayamba kuzira chipinda chawo. Undiuze tsiku.

Jestina


Mooinooi
12 Juni 2011

Achemwali,

Moni nonse. Pepani ndachedwa kuyankha, ntchito inachuluka.

Mwavutika, shame, ndipo ndikuthokoza. Koma eish, ya ku Mozambique siingathandize. Kakhadi ka kumeneko sikangagwire pa laputopu yanga, makina a kampani amakana. Pafunika ya ku Malawi yeniyeni. Mwina muyese mbali ina ya phirilo, yoyang'ana ku boma la Ntcheu.

Komanso kunja kwazizira. A Halidi akuti ku Tsangano mu Juni madzi amagona ndi chipale m'ndowa. Chifuwa cha abambo sichingapirire. Ngakhale kuno akuvutika, mphepo ikamawomba kuchokera ku zimulu za dothi la mgodi timatseka mawindo ndi nsanza zonyowa. Tidikire kutenthe.

Lamulungu lililonse kumabwera anzawo atatu a ku Nkaneng, madala amene analowa nawo mgodi kalekale. Amapemphera, amamwa tiyi, kenako amakangana za mitsinje ya kwawo, uyu akuti wa kwathu ndi waukulu, uyo akuti aikona. Onse ndi machona, palibe amene waona mtsinje wakewo zaka makumi awiri. Abambo amawauza kuti ine ndiye ndikupita, inu tsalani. Sutikesi anailongedza kale, ili kumiyendo kwa bedi.

Za kuimba foni, musamavutike kukwera phiri chifukwa cha zimenezo. Akalankhula nthawi yaitali amabanika. Mudzacheza bwino pamaso.

Atikonda


Kwa Nsaladzi
31 Julaye 2011

Atikonda,

Moni. Kalata yako yatenga mwezi ndi theka. A Halidi anakhala milungu itatu pamzere wa dizilo ku Blantyre, mafuta avuta dziko lonse. Abambo ali bwanji? Undiuze zoona, osati zako zija.

Ndamvera zimene unanena. Mbali yoyang'ana ku boma ndi yoipa, kuli miyala yoterera ndi chitedze. Ndakwerako kasanu ndi kawiri. Ulendo wachitatu ndinagwa, bondo linang'ambika, mpaka lero ndikutsimphina. Koma ndapeza. Pali kamtsetse pansi pa mtengo wa msuku, pamenepo ikubwera ya ku Malawi, kachilembo E, nthawi zina kamathawa koma kamabwerera. Alamu ako amangapo chisakasa cha udzu kuti dzuwa lisamadzakuotche, azikamo ndi tebulo la chitseko chakale. Mpando tidzanyamula tsiku lomwelo, tikausiya aba.

M'mudzi muno dzina langa linatha, aliyense akungoti Mayi Netiweki. Anzanga akumba kachewere wawo n'kugulitsa, wanga theka waolera m'munda. Apongozi anga andifunsa ngati kuphiriko kuli mwamuna. Ndimangoseka, nanga n'kutani.

Koma pali chimene chikundidya. Ndakuflasha kanayi ndili pamwamba. Kawiri sunaimbe. Kawiri unaimba n'kunena kuti abambo agona, ulendo wina akusamba. Atikonda, ine sukulu ndinalekezera Sitandade 6 koma si ine chitsiru. Ngati abambo sakufuna kundilankhula, undiuze, ndisiye kuthyola miyendo. Ngati akufuna, chikukugwira n'chiyani? Poyamba inali mvula, kenako Mozambique, kenako chisanu. Zengerezu adalinda kwawukwawu, mng'ono wanga.

Ogasiti ndi uyu, kwayamba kufunda. Nditumizire tsiku, osati chifukwa china.

Jestina


Mooinooi
4 Sepitembala 2011

Achemwali,

Moni. Bondo lili bwanji? Ndakutumizirani mankhwala opaka ndi nsapato zolimba. Musaganize zoipa, abambo amakutchulani tsiku lililonse.

Chisakasacho mwandichititsa manyazi, simukanavutika choncho. Chatsala n'chimodzi. Mwanena kuti kachilemboko kamathawa. Abwana akuti tiyese kaye tsiku lathunthu, tione ngati mapu angadutse. Ndasankha Lachisanu pa 14 Okutobala, kuti kalatayi ikhale itakupezani. Mudzatchajitse foni dzulo lake, mudzakhale pachisakasapo kuyambira eyiti koloko mpaka madzulo. Ine ndizidzakutumizirani zithunzi, inu muzidzandiuza ngati zatseguka. Zikadzayenda, tidzanyamuka kumapeto kwa mwezi womwewo.

Ndikulonjeza, aka n'komaliza.

Atikonda


Mooinooi
Lachiwiri, 11 Okutobala 2011

Nagama wamng'ono, mwana wanga Atikonda,

Kalata iyi uipeza patebulo ukabwera kuchokera kwa abwana ako ku Safari Gardens. Usathamange kupita kupolisi, sindinasochere. Ndakwera galimoto ya a Halidi, ndikupita kwathu. Ine Yoswa Gama, bambo wako, ndalemba ndekha, nzeru zanga zili bwino.

Sabata yatha a Halidi anandipeza ndili ndekha pakhonde. Ndinawafunsa kuti kodi netiweki ija sinapezekebe. Iwo anadabwa, amvekere madala, mwana wanu anaipeza kale mu Meyi, dziko lonse la Tsangano likudziwa. Atapita ndinatsegula chikwama cha laputopu yako. Ndinapezamo pasipoti yanga imene unati ili kwa adokotala, ndi makalata atatu a mkulu wako. Ndawawerenga onse. Yoyamba yokha ndi imene unandiuza.

Sindinakwiye. Ndani angakuweruze? Wolakwa ndine. Ndinatenga mwana mmodzi n'kusiya mmodzi ngati ndikugawa mbuzi. Chaka choyamba ndinalibe malo, chachiwiri ndinalibe mapepala, kenako manyazi anandimanga pakamwa, ngakhale foni ndinkaopa. Zifukwa zimenezi unaphunzira kwa ine.

Pansi pa mgodi, denga likafuna kugwa limayamba kulankhula, timiyala timayoyoka, ndiye wanzeru amataya fosholo n'kuthawa. Chifuwa changa chayamba kulankhula, mwana wanga. Chayile, nthawi yoweruka, yakwana. Mankhwala ndatenga, a m'mawa ndi a madzulo, ndikuwadziwa, sindine khanda.

Wandisamala kuposa mmene ndinayenera. Tsopano undichitire chimodzi. Uuze mkulu wako kuti ndili m'njira, andidikire pakhomo. Ndikufuna ndikatsika m'galimoto nkhope yoyamba ikhale yake.

Sala kahle.
Bambo wako


Kwa Nsaladzi
19 Okutobala 2011

Atikonda,

Sindikufunsa za moyo wako, ndilibe mphamvu. Uthenga wa maliro a Halidi anakuimbira Loweruka ali pamsika. Tinawaika Lamulungu pafupi ndi amayi. Kunatentha, sitikanatha kukudikira. Ndikulemba kuti udziwe mmene zinayendera, poti a Halidi sanaone zonse.

Lachisanu ndinakwera phiri m'mamawa monga unanenera. Mwana ndinasiyira apongozi. Unandiimbira kasanu, ukukumbukira. Chithunzi chatseguka? Chatseguka. Dikirani nditumize china. Ndinadikira. Itakwana fili koloko foni inazima, moto unatha, ndiye ndinayamba kutsika. Chifukwa cha bondoli sindinadzere njira yachidule, ndinazungulira yakale ya kumtsinje.

Zimene zinkachitika kumudzi ndinazimva pambuyo pake. A Halidi ulendo uno sanachedwe m'malire, anafika cha m'ma fili koloko masana. Abambo anatsika atavala jekete ndi chipewa, anayang'ana uku ndi uku, n'kufunsa kuti Jestina ali kuti. Apongozi anati ali kuphiri, akusaka netiweki ya mng'ono wake. Alamu ako anathamanga kudzanditenga kudzera njira yachidule, tinasemphana. A Halidi anapitirira kukatsitsa katundu mudzi wina. Abambo anakhala pakhonde, anagawira ana masiwiti, anamunyamula wamng'onoyu. Kenako anati akufuna kuwongola miyendo. Anthu anaganiza kuti apita kuseri. Iwo analowera njira yakale, imene ankadyetsera ng'ombe ali mnyamata.

Ine nditafika pamtsinje ndinaona nkhalamba itakhala pamwala, yoonda, jekete likuchita kulendewera. Inkapuma ngati yathamangitsidwa. Ndinati, mwaswera bwanji agogo? Inangokweza dzanja. Ndinatunga madzi m'botolo langa, ndinaigwira kumutu, inamwa pang'ono. Kenako inandigwira pamkono. Inkandiyang'anitsitsa, milomo ikugwedera, mawu osatuluka. Ndinati, agogo, ndinu a kuti, mukupita kwa yani? Inangolimbitsa dzanja. Ndinati, dikirani pompano ndikaitane anthu akunyamuleni. Ndinachotsa zala zake pamkono panga chimodzichimodzi, n'kuthamanga.

Bambo amene ndinkawadziwa ine anali chimunthu chonenepa, ankanyamula thumba la feteleza ndi dzanja limodzi. Chithunzi chawo chimene unanditumizira chinali cha kale. Ndikanadziwa bwanji?

Nditafika kumudzi ndinapeza anthu ali balalabalala, akufunafuna. Apongozi anati, bambo ako abwera, sunakumane nawo? Sindikudziwa mmene ndinabwererera kumtsinje ndi bondo limeneli. Tinawapeza atatsamira mwala, chipewa chili pamaondo, atapita.

Ndinawatchula agogo, Atikonda. Bambo anga anakwera phiri ndi chifuwa chimenecho kunditsatira, ine n'kuwafunsa kuti ndinu a kuti.

Tsopano ndiyankhe. Ananyamuka kwanuko Lachiwiri. Iwe Lachisanu unalankhula nane kasanu. Bwanji sunanene?

Jestina


Mooinooi
30 Okutobala 2011

Achemwali,

Sindikudziwa ngati ndili ndi ufulu wokupatsani moni. Kalata yanu ndaiwerenga ndili chiimire pageti, a Halidi sanafune ngakhale kulowa m'nyumba. Ndiyankha zonse, ndipo ulendo uno sindinama.

Ndinadziwa. Anandisiyira kalata, ndaiika muno kuti muone nokha zimene anandituma. Lachiwiri lomwelo ndikanatha kutumiza uthenga, mukanaupeza mutangofika pamwamba. Ndinaulemba, ndinaufufuta. Lachisanu ndinaimba koyamba nditakonzeka kunena, koma munayankha mokondwa, mumvekere mng'ono wanga lero zitheka, ndipo ine ndinangofunsa za chithunzi. Kunena kuti abambo ali m'njira kunali kunena kuti andithawa, ndipo mukanafunsa chifukwa. Ndinadziuza kuti a Halidi safika Lachisanu, amafika Loweruka kapena Lamulungu, nthawi ilipo. Ndinati ndinena pa foni yachiwiri. Kenako yachitatu. Zithunzi zimene ndinkatumizazo zinalibe ntchito, ndinkangofuna chonena. Nditalimba mtima n'kuimba kachisanu ndi chimodzi, foni yanu inali itazima.

Sizokhazo. Kakhadi ka ku Mozambique kakanagwira. Mnzanga wina wa kuntchito anakhala ku Tete miyezi iwiri akutumiza mapu ndi kakhadi komweko. Ndinkadziwa zimenezi pamene ndinkakulemberani kuti makina amakana. Mwala munaupeza mu Meyi uja unali wokwanira. Bondo lanu, kachewere wanu, chisakasa, zonsezo zinapita pachabe chifukwa cha ine. Abwana sananenepo zoyesa tsiku lathunthu, ndinapeka ndekha. Ndipo masiku amene munkaflasha, abambo sanali kugona. Anali pakhonde, ine ndinkakayankhira kuseri kwa nyumba.

Mufunsa chifukwa. Ndakhala ndikudzifunsa ndekha. Ndinkaopa, achemwali. Kuno ndilibe wina aliyense. Kusukulu ankanditcha mkwerekwere, ndikabwera kunyumba abambo ankandiphikira tiyi n'kundiuza kuti kwathu kuli phiri lalitali kuposa zimulu zonsezi. Anthu awiri basi, zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Ndinkadziwa kuti akakafika kwanuko sadzabwereranso, ndipo adzakhala anu. Ndinkaopanso maso anu. Ine ndinapita kusukulu, inu munapita kumunda, ndipo palibe chimene ndinachita kuti asankhe ine. Ndinkati ndikawasunga mwezi umodzi wokha, kenako wina. Intaneti inali chifukwa chabwino poti inu simukanatha kunditsutsa.

Munali ndi bambo theka la ola lokha, ndipo ngakhale limenelo ndinakuberani. Sindikupempha kuti mundikhululukire. Madala a ku Nkaneng anabwera kudzapepesa, ndinalephera kuwayang'ana. Ngati simukufunanso kumva za ine, muwauze a Halidi, ndidzamva.

Atikonda


Kwa Nsaladzi
20 Novembala 2011

Mng'ono wanga,

Tilipo. Mvula yagwa, tadzala.

Kalata yako ndinaiwerenga kamodzi n'kuiponya padenga la khola. Inakhala pamenepo masiku anayi. Alamu ako ndi amene anaitsitsa, ati mbuzi zingadye. Ya abambo ija ndaiwerenga mpaka yayamba kung'ambika m'mapindo. Theka la ola ukunenalo wawonjeza, sizinakwane ngakhale mphindi khumi.

Kukukhululukira sindinafikepo, ndisakunamize. Masiku ena ndikamalima ndimakutukwana mokweza mpaka ana amathawa. Mwina chaka chamawa, mwina ayi. Ndikapita kumtsinje ndimadzitukwananso ndekha, chifukwa zala zija ndinazichotsa ndine, si iwe.

Koma zoti ndisamvenso za iwe, iwala. Wathawa mokwanira. Anthu amene anawadziwa abambo kuno anawadziwa ali mnyamata. Amene anakhala nawo zaka zonsezi ndiwe wekha padziko lapansi, ndipo zimene uli nazozo theka ndi langa.

Ubwere pa Khirisimasi. Laputopu ubwere nayo kapena uisiye, ndi zako, ine phiri lija sindidzakweranso. Udzakhala pamkeka pakhomo panga, udzandiuza zonse kuyambira tsiku limene munakwera basi. Ankadya chiyani, ankaseka bwanji, akakwiya ankatani, ankaimba nyimbo yanji posamba. Zoipa zomwe udzanene, usadzandisankhire. Ukadzatopa udzamwa madzi n'kupitiriza.

Ndipo udzayambe ndi ichi. Pamtsinje paja milomo yawo inkagwedera, ine sindinamve kanthu. Iwe unkawamva tsiku lililonse akunditchula. Udzanditchule mmene ankanditchulira iwo, ndimve.

Mkulu wako,
Jestina